Mtukula Pakhomo unatha pakhomo pathu, mbuzi za agogo zinatsala

Ndalemba izi poganizira mabanja amene angolembedwa kumene mu Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, komanso achinyamata amene akukulira m'makomo otere ndipo akuona ngati dzina likangolowa m'kaundula ndiye kuti umphawi watha. Ine ndinakulira pakhomo lolandira ndalamazi. Ndinaona tsiku limene zinayamba kubwera, ndinaonanso tsiku limene zinasiya, ndipo za tsiku lachiwirili ndi zimene anthu sakonda kukambirana.

Kwathu ndi ku Mchinji, mudzi wina wa kufupi ndi malire a Zambia. Mayi anatisiya mu 2004, chaka chimene zipatala za boma zinayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo, koma kwa iwo zinali zitachedwa. Bambo anali atatsogola kale. Tinatsala atatu, ine woyamba kubadwa ndi alongo anga awiri aang'ono, m'manja mwa agogo akuchikazi amene miyendo inkawatupa moti kulima mizere khumi kunali kuwazunza. Kenaka inabwera njala ya 2005. Tinkadya phala la gaga, mango osapsa ophika, ndipo masiku ambiri ine sindinkaoneka kusukulu chifukwa ndinali pa ganyu yopalira m'minda ya eni ake kuti tipeze kambale ka ufa.

Mtukula Pakhomo anauyesera koyamba m'boma lathu lomweli mu 2006, usanafalikire m'maboma ena mpaka kukwanira onse 28 mu 2018. Kwathu unafika chaka chotsatira. Anthu anaitanidwa pabwalo la sukulu n'kusankha komiti ya anthu a m'midzi momwemo, ndipo komitiyo inkayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti mumadya kangati patsiku, muli ndi ziweto zanji, amagwira ntchito ndani. Pankafunika zinthu ziwiri pamodzi. Banja likhale losaukitsitsa, komanso lisakhale ndi munthu wamphamvu wa zaka zapakati pa 19 ndi 64, kapena ngati alipo akhale kuti akusamalira anthu opitirira atatu. Ndipo pa mabanja 100 alionse ankatengapo 10 okha. Maina atawerengedwa pagulu, la agogo linali pomwepo.

Chiwerengero cha 10 pa 100 chija chinasiya kunja anthu ambiri amene kuvutika kwawo kunalibe kusiyana kwenikweni ndi kwathu. Mayi wina woyandikana nafe, wa ana atatu, mwamuna atamuthawa kupita ku esiteti ya fodya, anatsala chifukwa ankaoneka wamphamvu. Kwa nthawi yaitali sankatipatsa moni, ndipo sindimuimba mlandu. Ena ankatinena kuti tikudya za ulele. Amene mwangolowa kumene, dziwani kuti mawu otere mudzawamva, ndipo ambiri owanenawo si oipa mtima, ndi njala yomweyo ikuyankhula.

Nthawi imeneyo banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu awiri K1,000, la atatu K1,400, ndipo la anayi kapena kuposa K1,800. Pamwamba pake ankaonjezera K200 pa mwana aliyense wa ku pulayimale ndi K400 wa ku sekondale. Ife tinali anayi, awiri tili ku pulayimale, ndiye zinkakwana K2,200. Mlongo wathu wotsiriza anali asanafike poyamba Sitandade 1, ankapita ku sukulu ya mkombaphala kumene amayi a m'mudzi ankasinthana kuphika phala la chimanga chimene makolo ankasonkha akakolola. Kaphala kameneko ndiko kanamuchotsa tsitsi lofiira la kunyentchera.

Ndalamazo sizinali zambiri ngakhale pa mitengo ya nthawiyo. Chimene chinasiyanitsa khomo lathu ndi ena ndi mmene agogo ankazigwirira. Akabwera kolandira ankayala chitenje pansi n'kuziika m'magawo atatu: la chimanga, mchere ndi sopo, la makope ndi zolembera, ndi kagawo kakang'ono kamene ankamanga pamfundo ya mpango n'kukabisa. Kagawo kachitatuka kankandipweteka mtima, chifukwa masiku ena tinkadya nsima ndi masamba opanda mafuta ndalama zili m'nyumba momwemo. Tsiku lina ndinawafunsa molira kuti bwanji osagula ngakhale usipa. Anandiyankha kuti, “Mvula imakata, mdzukulu wanga. Tchera mtsuko ikadagwa.”

Anayamba ndi nkhuku ziwiri zachikuda. Chitopa chinapha zina, zina zinapulumuka, ndipo atagulitsa atambala n'kuphatikiza ndi zapamfundo zija anagula kambuzi kakakazi. Ntchito yomanga khola la m'mwamba ndi kumangirira mbuzi nthawi ya dzinja kuti zisadye mbewu za anthu inali ya ife ana. Mbuzi yachikuda ikasamalidwa imaswa kawirikawiri, nthawi zina mapasa, ndiye mmene ndinkafika Sitandade 8 khola linali litayamba kuoneka.

Chinthu chachiwiri chinali banki m'khonde. Alangizi atabwera kudzaphunzitsa za magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amayi ena sankafuna kuti agogo alowe, ati nkhalamba yopanda geni idzabweza ndi chiyani. Mayi wina wa Chigwirizano, gulu la amayi a mpingo, ndiye anawaikira kumbuyo, n'kukumbutsa anzakewo kuti mwa onse amene anali pamenepo, agogo okha ndiwo anali ndi ndalama yodziwika tsiku lobwera. Anawalola. Poti sankadziwa kulemba, ndinkapita nawo kukawayang'anira kabuku, ndipo ndinaphunzira zonse ndili chikhalire kumbuyo kwawo pamphasa.

Kwa amene simunakhalepo m'gulu lotere, limayenda chonchi. Anthu amakhala pakati pa 15 ndi 25, odziwana, ndipo amasankhana okha. Amagwirizana mtengo wa sheya imodzi, ndipo pa msonkhano uliwonse munthu amagula kuyambira sheya imodzi mpaka zisanu, mlembi n'kudinda m'kabuku kake. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi sagwira kiyi. Pali kathumba kena kapadera ka zadzidzidzi, ka maliro ndi matenda, kamene sikakhala ndi chiwongola dzanja. Ngongole amabwereketsana pamaso pa onse, ndipo gulu lathu linkalola munthu kutenga mpaka katatu ka zimene wasunga. Chaka chikatha, kwathu mu December, amatsegula bokosi n'kugawana malinga ndi masheya a aliyense pamodzi ndi phindu. Mweziwo sanausankhe mwangozi, ndi nthawi ya feteleza ndi mbewu, ndipo January wa sukulu amakhala ali pakhomo.

Agogo ankagula sheya imodzi yokha, nthawi zina ziwiri. Sanatengepo ngongole yaikulu. Ankabwereka pang'ono, ine n'kukapikula mtedza wosasenda kwa alimi, tonse n'kukhala pansi madzulo kusenda, Loweruka n'kukagulitsa pamsika. Phindu lake linali lochepa koma ngongole inkabwezedwa pa nthawi yake, ndipo amayi aja amene ankawakana anafika powasankha kuti azisunga kiyi mmodzi.

Ubwino wa mbuzi tinauona bwino mu 2012. Mu May chaka chimenecho kwacha inagwetsedwa mphamvu, mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti n'kukwera nthawi imodzi. Ndalama imene kale inkatifikitsa pakati pa mwezi inayamba kuthera m'sabata yoyamba. Pambuyo pake ndalama zolandira zinakwezedwa, koma m'miyezi yapakatiyo mabanja amene ankadalira zolandira zokha anabwerera ku ganyu. Mbuzi yokha mtengo wake unkakwera pamodzi ndi zinthu zina. Zomwezi zinachitikanso mu November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo magulu amene anali ndi ndalama zambiri zongokhala m'bokosi anagawana mapepala ochuluka ogula zochepa.

Ndinasankhidwa kupita ku sekondale ina yoyendera (CDSS) ya kutali ndi kwathu. Masiku amenewo sekondale inali yolipira, ndipo apa ndi pamene ana ambiri a m'makomo ngati lathu ankathera. Aphunzitsi aakulu a ku pulayimale ndiwo anatiuza za basale ya ana ovutika imene imadzera ku khonsolo ya boma. Palibe amene akanatibweretsera pakhomo. Tinayenera kukatenga fomu, a mfumu n'kuchitira umboni kuti ndine wamasiye, komiti ya m'dera n'kuvomereza, kenaka fomuyo n'kupita ku ofesi ya Social Welfare kuboma. Zoterezi zimatenga nthawi, ndipo sukulu sidikira. Teremu yoyamba inalipiridwa ndi mbuzi. Basale itatuluka inkalipira fizi, koma yunifolomu, nsapato, makope, nyali ndi lendi ya kachipinda kamene tinkagona atsikana anayi pafupi ndi sukulu zinkachokera ku khola ndi ku banki m'khonde.

Za kukhala pa lendi mtsikana ali Fomu 1 ndinganene zambiri. Ufa ukatha pakati pa teremu, amuna a pamsika amadziwa, ndipo amabwera ndi shuga ndi sopo m'manja. Awiri mwa anzanga a m'chipindamo sanafike Fomu 3. Chimene chinatithandiza otsalafe ndi amayi a mother group, amene ankabwera mosayembekezereka kudzaona mmene tikukhalira, kutisokera nsalu zogwiritsa ntchito tikakhala kumwezi, ndi kukatenga kunyumba mtsikana amene wajomba sabata yathunthu. Amayi amenewa salipidwa kanthu. Mmodzi wa iwo ankayenda ulendo wa maola awiri wapansi kuti adzangotifunsa ngati tadya.

Ndili Fomu 2 malume anabwera ndi nkhani ya banja. Panali bambo wina wogula fodya ndi soya amene analonjeza kufolera nyumba ya agogo ndi malata. Malumewo sankadziona ngati akulakwa, ankati akuchepetsa mtolo pakhomo. Nthawiyo malamulo ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Lamulo loika zaka 18 linabwera mu 2015, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017. Agogo anangoti, “Mwana uyu sakudya kwanu, achimwene ake a mayi ake inu. Akudya mbuzi zake.” Atapitiriza kukakamira, amayi a mother group anakatula nkhaniyo kwa a mfumu pamodzi ndi woona za chitetezo cha ana wa m'dera lathu, ndipo inathera pomwepo. Ndimakhulupirira kuti agogo anatha kukana molimba mtima chifukwa pakhomo panali chakudya. Mayi wanjala amavomera zinthu zimene mtima wake ukukana. Mtsikana amene akukumana ndi zotere lero ali ndi lamulo kumbali yake, ndipo angathe kuimba mwaulere pa 116, nambala yothandiza ana.

MSCE ndinakhoza, koma mapointi sanali ofikitsa ku yunivesite. Ndinalowa kalabu ya achinyamata ya m'dera lathu, yolembetsedwa ku ofesi ya achinyamata kuboma, ndipo kulembetsa kumeneku n'kofunika chifukwa mabungwe akafuna achinyamata oti awaphunzitse ntchito amayambira kufunsa kumeneko. Bungwe lina la mpingo linatitenga kukaphunzira utelala kwa miyezi ingapo. Pomaliza anatipatsa makina amodzi pa anthu asanu alionse kuti tizigwirira limodzi. Maganizo ake anali abwino, koma makina amodzi sangadyetse makomo asanu, ndipo nyengo ya mayunifolomu aliyense ankawafuna tsiku lomwelo. Gulu lathu linatha ndi mkangano, makinawo n'kukhala kwa amene anali ndi mawu aakulu. Ine ndinali nditalowa kale banki m'khonde m'dzina langa, ndiye ndinabwereka, tinagulitsanso mbuzi ziwiri, n'kugula makina akale opalasa ndi phazi kwa telala wina amene ankasamukira ku Lilongwe.

Amene mukuganiza za utelala, ndalama ya tsiku ndi tsiku siichokera ku madiresi a ukwati. Imachokera ku kuchepetsa ndi kukonza zovala za kaunjika pa tsiku la msika, kuika zipi, kupinda mathalauza, ndi mayunifolomu sukulu zikamatsegulira. Ndinakhala pakhonde la golosale ina pafupi ndi ogulitsa kaunjika, ndipo munthu akagula siketi yaikulu ankangotembenuka n'kundipatsa.

Kenaka tsiku losiya kulandira lija linafika. Kunachitika kalembera wina wounikanso mabanja, ndipo pakhomo pathu tsopano panali ine, wopitirira zaka 19, wamphamvu, wosamalira anthu atatu. Malinga ndi malamulo ake sitinalinso oyenera, ndipo dzina la agogo linachotsedwa kuti palowe ena. Sindinganame kuti sitinamve kuwawa. Miyezi yoyamba tinachepetsa zambiri, shuga anasowa m'nyumba, ndipo mlongo wanga wotsiriza anapita kusukulu ndi nsapato zong'ambika teremu yonse. Koma palibe amene anasiya sukulu chifukwa cha zimenezi, ndipo sitinagone ndi njala.

Makomo ena amene anachotsedwa nthawi yomweyo anabwerera pamene anachokera. Ena anali atazolowera kutenga katapila podalira tsiku lolandira, moti ndalama ikafika inkangodutsa m'manja kupita kwa mwini ngongole, ndipo zitasiya kubwera anawalanda mbuzi, ndowa ndi njinga. Koma si onse amene anagwa chifukwa chosasamala, ndipo zimandipweteka ndikamva anthu a m'tauni akunena kuti osauka amadya ndalama mosaganiza. Pali gogo wina amene zonse zinkathera ku thiransipoti yopita kuchipatala ndi mdzukulu wake wodwala khunyu. Analibe choti n'kumanga pamfundo. Munthu wotere sangatukuke n'kutuluka m'ndondomeko ngati mmene zimalembedwera, afunika kuthandizidwa mpaka mapeto a moyo wake, ndipo mudzi ndi mipingo zisamayembekezere boma lokha pa anthu ngati amenewa. Ife tinali ndi mwayi woti panali ana amene ankakula n'kukhala manja ogwira ntchito.

Mlongo wanga wachiwiri njira yake inali yokhota. Anasiyira Sitandade 7 n'kuwoloka malire kukagwira ntchito m'minda ya ku Zambia cha ku Chipata, monga amachitira anyamata ambiri a kwathu, ndipo anabwerako patatha zaka ali ndi wailesi ndi chikwama basi. Mapologalamu ambiri amayang'ana atsikana, ndipo pali zifukwa zomveka, koma mnyamata wosiya sukulu amasowa ndi womufunsa yemwe. Anayamba wagwira nawo ntchito zachitukuko zolipidwa, zimene anthu kwathu amazitchulabe kuti za MASAF, zokonza misewu ndi kudzala mitengo. Ndalama imeneyo sinali yokhalitsa, koma inamukwanira kugula sowo, hamala ndi pulena, ndipo mmisiri wina wa pamsika anamulola kuphunzira ukalipentala pa shedi yake. TEVETA, nthambi yoyang'anira maphunziro a ntchito zamanja imene inakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi njira zothandizira ngakhale amene anaphunzirira ntchito pamanja chonchi kuti luso lawo lizindikirike, ndipo kuyambira 2015 boma linatsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera, monga ya Kapondo kwathu konkuno. Amene muli ndi satifiketi ya MSCE yang'anirani zolengeza za malo m'makoleji ngati Namitete. Amene mulibe, musadziderere, kafunseni ku ofesi ya achinyamata kapena ya zantchito kuboma. Lero mlongo wangayo amakhoma zitseko, mabenchi a tchalitchi ndi makola a mbuzi.

Zinthu zina zasintha kuchokera nthawi ya agogo. Tsopano pali kaundula mmodzi wa boma wolembamo mabanja, wodziwika kwa ambiri kuti UBR, amene mapologalamu osiyanasiyana amatengamo maina, choncho olemba akamayenda m'mudzi onetsetsani kuti pakhomo pali munthu wamkulu woyankha, ndipo nenani zoona za aliyense amene amagona ndi kudya pamenepo, kuphatikizapo ana amasiye amene mukusunga. Chiphaso cha unzika chisamalidwe ngati ndalama, ndipo chikatayika musadikire tsiku lolandira kuti mukatenge china. M'madera ambiri ndalama zikudzera pafoni kapena ku banki. Nambala yachinsinsi ya gogo isadziwike kwa wothandizira pa kauntala, ndipo mdzukulu wowaperekeza akhale amene gogoyo wasankha yekha. Kulembedwa n'kwaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kenakake kuti dzina lilowe, kapena kuti mugawane naye mukalandira, kanenani ku komiti yolandira madandaulo kapena ku ofesi ya Social Welfare. Palinso akuba amene amatumiza mauthenga pafoni onena kuti mwachita mphumi mu Mtukula Pakhomo, tumizani kandalama kuti tikutsegulireni. Mayi wina wa m'gulu lathu anatumiza ndalama ya feteleza kwa anthu otere. Ndondomekoyi sisankha anthu pafoni.

Agogo anamwalira ndili kale pa makina anga. Ine tsopano ndine mlembi wa gulu lomwe lija, ndipo tinasintha malamulo angapo. Tinatsitsa chiwongola dzanja chifukwa tinaona kuti chikukankhira anthu kobwereka ku gulu lina kuti abweze kwathu, ndipo munthu wokhala m'magulu atatu nthawi imodzi sitimulandiranso. Ndalama zikachuluka sitizisiyanso m'bokosi usiku, zimapita pa akaunti ya pafoni ya gulu imene nambala yake yachinsinsi anaigawana anthu atatu. Kuchokera pa zimene zinachitika mu 2023, gawo lina timagulira soya ndi mtedza nthawi yokolola n'kusunga, kudzagulitsa mitengo ikakwera.

Tinagwirizananso kuti mnyamata kapena mtsikana wochokera pakhomo lolandira Mtukula Pakhomo aziloledwa kubwera ndi gogo wake kumisonkhano, ndipo akakwanitsa zaka 18 azitha kulowa ndi theka la sheya kwa chaka choyamba. Ena m'gulu ankakana, ati achinyamata amathawa ndi ngongole kupita ku Joni, ndipo n'zoona kuti zinachitikapo kamodzi. Tinamvana kuti ngongole yoyamba ikhale yaing'ono, ndipo wachinyamatayo afotokoze pagulu geni imene akufuna kuchita ndi kumene akagulitse. Funso la kumene akagulitse ndi limene tikulimbana nalo panopa, chifukwa pamsika wathu matelala tachuluka kale, ndipo atsikana atatu amene amaliza maphunziro a zosoka chaka chino onse akufuna kukhala pakhonde lomwe ndimakhala ine. Mmodzi tamulumikiza ndi sukulu ya mkombaphala ndi mapulayimale awiri a kutsidya kwa dambo kumene kulibe telala, ndipo awiri enawo nkhani yawo ili pa msonkhano wa mwezi wamawa.